Chisankho cha Akulu, Denga la Ana

Chigawo cha Massachusetts, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, chili ndi mbiri yakale pa maphunziro. M'chaka cha 1647 kumeneko kunakhazikitsidwa lamulo loti mudzi uliwonse wa mabanja 50 ulembe mphunzitsi wophunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba. Kuyambira pamenepo sukulu yakhala katundu wa eni tauni. Mpaka lero, sukulu yapakati, imene imalandira ana a zaka 11 mpaka 14, ikakalamba kapena ikachepa, anthu a m'taunimo ndiwo amagamula ngati ikonzedwe ndi kukuzidwa. Njira imeneyi imatamandidwa kwambiri, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ntchitoyi imayamba ndi kalata yopita ku bungwe la boma lotchedwa Massachusetts School Building Authority, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2004. Chuma cha bungweli chimachokera ku msonkho wa malonda: senti imodzi pa dola iliyonse ya katundu wokhomeredwa msonkho. Kalata ikalandiridwa, akatswiri amafufuza ngati n'kwanzeru kukonza nyumba yakale, kuiwonjezera zipinda, kapena kumanga ina. Bungwe likavomereza mapulani, limalonjeza kulipira magawo a pakati pa 31 ndi 80 pa magawo 100 alionse a ndalama zimene ilo laziona kuti n'zoyenera, molingana ndi chuma cha tauniyo. Zotsalazo tauni imakongola, ndipo imapatsidwa masiku 120 kuti anthu ake avomereze.

Chilolezocho chili ndi makomo awiri. Khomo loyamba ndi msonkhano wa tauni, kumene ngongole imadutsa pokhapokha anthu awiri mwa atatu alionse atavomera. Khomo lachiwiri linadza ndi lamulo la 1980 lotchedwa Proposition 2½, limene limaletsa tauni kukweza msonkho wonse wa nyumba ndi malo kupitirira magawo awiri ndi theka pa 100 pa chaka, kupatula msonkho wa nyumba zatsopano. Popeza ngongole ya sukulu kawirikawiri siikwana m'malire amenewa, anthu amaponya voti kuti alole msonkho wapadera umene umatha ngongoleyo ikatha.

Ubwino wa dongosololi ndi wosabisika. Ndalama zimakambidwa poyera, mapulani amaonetsedwa kwa aliyense, ndipo wolamula kuti msonkho ukwere ndi yemwe adzaulipire. Mtsogoleri sangamange chinyumba chodzitamandira nacho popanda kufunsa eni thumba. Komanso anthu amasamala chinthu chimene anachivomera okha.

Komabe pali chilema chachikulu, ndipo chimaoneka bwino poyerekeza malo awiri. M'chaka cha 2016 anthu a ku Lexington, tauni yolemera yoyandikana ndi Boston, anavomereza ngongole yopitirira madola 70 miliyoni, makamaka yokonzera ndi kukuzira sukulu zawo ziwiri zapakati, Clarke ndi Diamond. M'chaka cha 2019 funso lofanana linafika ku Holyoke, mzinda wosauka umene kale unkatchuka ndi mafakitale a mapepala. Kumeneko kunkafunika sukulu ziwiri zapakati za madola pafupifupi 133 miliyoni, ndipo boma linalonjeza pafupifupi 76 miliyoni. Anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anakana.

N'kosavuta kunena kuti a ku Lexington amakonda ana awo kuposa a ku Holyoke, koma kutero n'kuweruza mlandu usanamveke. Nkhani yagona pa masamu. Matauni awiri akakongola ndalama zofanana, pamene nyumba za tauni ina zili ndi mtengo woposa za inzake kasanu, tauni yosaukayo iyenera kukhometsa mlingo wa msonkho wokwera kasanu kuti ibweze ngongole yomweyo. Katundu amene ali wopepuka pamutu pa wamphamvu amathyola khosi la wofooka. Wokana ku Holyoke sanakane maphunziro. Anayang'ana m'thumba mwake.

Chilema chachiwiri chili m'malonjezo a boma. Mzinda wosauka ngati Holyoke umayenera kulandira magawo 80 pa 100, koma madola 76 miliyoni pa 133 miliyoni ndi magawo 57 okha. Kusiyanaku kumadza chifukwa bungwe lija limaika malire pa mtengo umene lingalipire pa kukula kwa nyumba ndi pa kukonza bwalo, pamene mitengo yeniyeni ya zomangira imapitirira malirewo. Choncho thandizo limene papepala limaoneka lokondera osauka limafika litaphwa.

Chachitatu ndi nthawi. Holyoke inagwirizana m'chaka cha 2023 zomanga sukulu imodzi m'malo mwa ziwiri, ndipo sukuluyo, yotchedwa Peck, inatsegulidwa m'chaka cha 2025. Mwana amakhala pa sukulu yapakati zaka zitatu zokha. Zaka zisanu ndi chimodzi zapakati pa kukana ndi kutsegulira zinatanthauza kuti magulu athunthu a ana analowa ndi kutuluka osaona chimene akulu ankakangana. Ana amenewo analibe voti, ndipo zaka za ubwana sizibwerera. Mtengo amauwongola uli waung'ono.

Chodabwitsa n'chakuti m'chaka cha 1993, pa mlandu wa McDuffy, bwalo lalikulu la milandu la Massachusetts linagamula kuti boma lili ndi udindo wophunzitsa mwana aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, m'tauni iliyonse. Ngati udindo ndi wa boma, n'kovuta kumvetsa chifukwa chake denga limene mwanayo akuphunzirira limadalira mtengo wa nyumba za anansi ake.

Mankhwala ake si kulanda anthu ufulu wosankha. Eni tauni apitirize kugamula za malo, maonekedwe ndi zina zowonjezera zimene angafune. Koma zofunika kwa mwana aliyense, monga denga losadontha, zipinda zotenthedwa m'nyengo yachisanu ndi malo ophunzirira sayansi, boma liziwerengera pa mtengo wake weniweni, ndipo gawo la tauni lichepe molingana ndi mphamvu zake. Okalamba amene amadalira penshoni apeputsidwe msonkho mokwanira, kuti asamakakamizike kusankha pakati pa nyumba yawo ndi sukulu ya adzukulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana wa ku Holyoke ndi wa Massachusetts monga momwe alili wa ku Lexington.