Luso la Kubisa m'Nthano za Odya Mitembo

Aliyense amene adaothapo moto madzulo m'midzi ya pakati pa Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, dzinthu zitalowa m'nkhokwe, pamene agogo ayamba ndi "padangokhala" ana navomera "tilitonse", adziwa kuti mwa nthano zonse palibe yovuta kukamba koposa ya odya mitembo. Pakuti m'kamwa mwa katswiri nthanoyi iumitsa thupi, koma m'kamwa mwa wongoyamba kumene ingoseketsa.

Aluya, amene amalonda a Chiyao ankakumana nawo ku Kilwa atasenza minyanga, ali nacho chilombo chawo chotchedwa ghul, chokhala m'chipululu, chimene chisandulika mkazi kuti chisokeretse apaulendo, ngakhale ziboda zake za bulu sichitha kuzibisa. Antoine Galland, amene adayamba kutulutsa nthano za Alf Layla wa Layla m'Chifalansa m'chaka cha 1704, adamva kwa Hanna Diyab wa ku Aleppo mu 1709 nkhani ya Sidi Nouman, amene mkazi wake Amina ankatola mpunga kanjere kamodzikamodzi pa chakudya, koma usiku nazemba kukadya ndi ghul kumanda. Taonani pamene pagona mantha: si kumanda ayi, koma pa mbale ya mpunga, pamene mwamuna ayang'ana mkazi wake nadabwa chimene chimkhutitsa.

Akatswiri a kwathu, ngakhale sadawerenge buku limeneli, adalidziwa kale lamulo lomweli, nalisunga molimba koposa. Chifukwa ghul ndi mlendo wa m'chipululu, pamene mfiti ya m'nthano zathu ndi mbale, wodya naye m'mbale imodzi, wolira mokweza pamaliro. M. G. Marwick, m'buku lake la 1965 lonena za Achewa a ku Zambia, adalemba kuti anthu asiyanitsa mpheranjiru ndi mfiti yeniyeni, imene ipha chifukwa cha nkhuli. Ndipo nkhuli imeneyi wokamba waluso saitchula msanga. Ayamba ndi mkamwini amene akankha nsima ya masamba nati wakhuta. Atsatiza mapazi a fisi kuseri kwa nyumba m'mamawa, ndi kadzidzi pa denga. Ndipo pofika kumanda, pamene mfiti iitana wakufayo ndi dzina lake la paubwana kuti atuluke, atsitsa mawu, nayamba nyimbo, kuti ana povomera akhale ngati aitana nawo. Chimodzimodzi ndondocha, wakufa woukitsidwa nadulidwa lilime kuti atumikire mwini chuma: wokamba wanzeru samuonetsa nkhope, angotimvetsa kulira kwake kuchipinda chimene sichitsekulidwa.

Apa ndi pamene achinyamata ambiri, oleredwa ndi mafilimu a m'nyumba za kanema za pamsika, aphonya, pakuti athamangira mwazi ndi mafupa, nachulutsa zonyansa kufikira omvera atazolowera. Chakomachakoma pusi adagwa chagada. Choipa koposa, ena apatsa mfiti nkhope ya nkhalamba yodziwika m'mudzi, ndipo potero nthano ileka kukhala nthano nisanduka mlandu. Makolo, podziwa kuti umbombo ndi njiru zimera m'banja lililonse, sadafune kuloza munthu chala. Adafuna kuti womvera aliyense, pobwerera kukagona, adziyese yekha ngati sadadyepo thukuta la mbale wake.