Gule Saweruzidwa pa Chithunzi

Loweruka lina ndikuchokera kumsika wa pa Ludzi, ndidapeza mwana wa mlongo wanga ndi anzake atatu ataunjirira foni imodzi pakhonde, mkangano uli mkati. Adali ataimitsa kanema wa Naruto pamalo pamene nkhope ya Pain, mdani wake, idapindika ngati mbatata yopondedwa ndi ng'ombe. "Taonani amalume," adatero mnyamatayo, "awa ndi akatswiri kapena ana a sitandade wani?" Nditawauza kuti amuyendetse kanemayo, tonse tidangoti zii. Nkhope yoseketsa ija sidaonekenso. Chomwe tidaona ndi ukali wa nkhonya yong'amba nthaka.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira za momwe achinyamata athu amaweruzira makatuni a ku Japan otchedwa anime, ndipo ndikuona kuti amaphonya pawiri.

Poyamba tidziwe momwe makatuniwa amapangidwira. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Pamene Osamu Tezuka adayamba kutulutsa Astro Boy pa wailesi yakanema sabata ndi sabata mu 1963, nthawi ndi ndalama sizikadalola kujambula zonsezo pamanja. Choncho adazolowera kuchepetsa zojambula, mwina 8 zokha pa sekondi, kapena kugwedeza pakamwa pokha thupi lili chiimire. Mphamvu amazisungira malo ofunika, omwe okonda anime amawatcha sakuga. Pamalo otere wojambula amapinda nkhope kapena kutalikitsa mkono mwadala kuti diso limve liwiro. Gawo 167 la Naruto Shippuden, lomwe lidatuluka mu 2010, ndilo anyamata aja ankaseka, chonsecho ena amaliyamikira chifukwa cha luso lomwelo.

Ife a kuno ku Mchinji sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Mukajambula Gule Wamkulu ali pakati pa sitepe, fumbi lili koboo, chithunzicho chimaonetsa ngati akugwa. Koma amene adali pabwalo amadziwa kuti gule adavina. Chinthu chopangidwira kuyenda chiweruzidwe chikuyenda.

Sindikunena kuti cholakwika chilichonse ndi luso ayi. Gawo lachisanu la Dragon Ball Super mu 2015 lidatuluka ndi nkhope zosalongosoka, moti eni ake adakonzanso zithunzizo pambuyo pake. Komabe pamenepo mlandu waukulu ndi wa nthawi yochepa, osati manja a wojambula. Ine monga wogwira ntchito m'boma ndimadziwa momwe lipoti lofunidwa mawa mmawa limatulukira. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Kuphonya kwachiwiri ndi kutengeka ndi zonyezimira. Chitulukireni Demon Slayer ya kampani ya ufotable mu 2019, ana ambiri sakufunanso katuni yopanda moto ndi mphezi zapakompyuta. Ndiyokongoladi, ndipo nane ndidaionera mosangalala. Koma kukongola si muyeso wokhawo, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Yerekezani ndi Grave of the Fireflies ya Isao Takahata, ya mu 1988, yosimba za mnyamata ndi kamlongo kake akuzunzika ndi njala ku Japan mu 1945. Mulibe ndewu zouluka m'malere. Luso lake lili pa zinthu zazing'ono: momwe kamwana kamanjutira, momwe kamayendera mphamvu zikamatha. Ife amene tidaona njala ya 2002 m'boma lino timayazindikira mayendedwe amenewo, ndipo misozi siichedwa. Ojambula ake adali ataphunzira kuyang'anitsitsa munthu.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mnyamata uja amajambula kumapeto kwa makope ake asukulu, ndipo dzanja ali nalo. Akakula ndi maganizo akuti chojambula chabwino ndi chosapindika komanso chowala, adzaopa kuyesa, ndipo adzangokhala wokopera za ena. Ngakhale ife alembi matendawa tili nawo: timanyoza buku chifukwa cha chiganizo chimodzi, kapena kuligomera chifukwa cha mawu apatali pomwe nkhani mulibe.

Tsono funso loyenera pa katuni iliyonse ndi ili: kodi mayendedwe ake akutumikira nkhani? Kuliyankha kumafuna kuonera mpaka kumapeto, chala chili kutali ndi batani loimitsira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.