Galu, Kavalo ndi Fungo: Zining'a za Cingelezi Zonena za Kuthamangitsa

M'nkhani ino tifuna kupenda zining'a za Cingelezi zonena za kuthamangitsa munthu, ndiponso njira imene ambiri a ife timaziphunzitsira. Kawirikawiri mphunzitsi amalemba cining'a pabolodi, naika mwambi wa Cinyanja pambali pake ngati kuti ziwirizo ndi mapasa. Ife tiona kuti njirayi imabisa gwero la zining'azi, lomwe ndi uzimba wa agalu ndi akavalo.

Tiyambe ndi wild goose chase. Wophunzira amaganiza za munthu wopirikitsa tsekwe. Koma m'zaka za m'ma 1590, pamene Shakespeare anaika mauwa m'sewero la Romeo and Juliet, linali dzina la mpikisano wa akavalo, m'mene otsatira anayenera kukhotera kulikonse kumene wotsogola wakhotera, monga atsekwe amatsatanirana pouluka. Tanthauzo la ulendo wopanda phindu linadza pambuyo pake.

Zina zimacokera ku mphuno ya galu. Throw off the scent ndiko kusokeretsa agalu kuti ataye fungo la nyama. Red herring ndi nsomba yowamba ya fungo lamphamvu. Mu 1807 mtolankhani William Cobbett anasimba za kuigwiritsa nchito posokeretsa agalu olondola kalulu, ndipo lero mauwa amanena za nkhani yopatutsa anthu pa mfundo yeniyeni. Barking up the wrong tree inabadwira ku America, kumene alenje ankasaka usiku kanyama kochedwa raccoon, galu nauwa patsinde pa mtengo umene nyamayo mulibe.

Apa tiona kuti m'zining'a zonsezi wothamangitsayo ndiye wopusitsidwa. Mwambi wathu wakuti galu wamkota sakandira pacabe umanenanso za galu wosaka, koma umalimbikitsa kukhulupirira mkulu wodziwa zinthu. Mphunzitsi wouika pafupi ndi cining'a ca ku America cija cifukwa ca galuyo, waphunzitsa zosemphana. Kuonjezera apo, mwambi umaima paokha ndi kuweruza, pamene cining'a cimalowa m'ciganizo, nicisintha malinga ndi nthawi ndi wocita. Wophunzira wozolowera kuziyesa cimodzi amaopa kusintha mneni, ndipo amalemba cining'aco cosapindika.

Sitikana kuti pali pena pamene zinenero ziwirizi zimakumana. Hue and cry unali mwambo umene lamulo la ku Winchester la mu 1285 linaulimbitsa: mfuu ikamveka, anthu onse anayenera kuturuka ndi kuthamangitsa wakuba. Mwana wa ku Katete kapena ku Chadiza amaidziwa mfuu yotere. Cofanana pano ndi mcitidwe wa anthu, ndipo mphunzitsi ayambire pamenepo asanafike pa tanthauzo la lero, la kudandaula kwa khamu.

Lamulo la mu 2004 linaletsa kusaka nkhandwe ndi agalu ku England ndi Wales, ndipo ana ambiri a kumeneko amanena mauwa asanaonepo uzimba. Mnyamata wathu amene anaonapo galu atataya fungo la kalulu pamtsinje ali pafupi ndi gwero kuposa iwo. Cotero tipempha aphunzitsi anzathu kuti ayambe ndi kumfunsa cimene anaona kuchire, ndipo pambuyo pake alembe cining'a pabolodi.