Mawanga Sali Amodzi

Pali chizolowezi chimene chikusaukitsa chinenero chathu m'sukulu: kutchula maonekedwe onse osakanikirana ndi liwu limodzi lakuti "mawanga". Nkhanga, kambuku, fisi ndi chitenje, zonse akuti n'zamawanga, ndipo phunziro lithera pomwepo. Tiyenera kufunsa ngati kutero ndiko kuphunzitsa.

Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anakomana ndi vuto lomweli pa Genesis 30, pamene Yakobo apatula ziweto za Labani monga mwa maonekedwe ake. Iwo sanakhutire ndi liwu limodzi, koma anaika mathothomathotho pambali pa maangamaanga. Pamenepa tiwayamika, pakuti kubwereza kwa liwulo kumwaza madontho pathupi lonse la mbuzi, kotero kuti khutu limva chimene diso liona. Koma mawu awiriwo sakwanira chilengedwe chonse, ndipo wowerenga wosazama awayesa liwu limodzi lonenedwa kawiri. Ntchito yotsalayo ndi yanu.

Taonani zimene mwana wa ku Migowi azidziwa kale. Nthenga ya nkhanga ili ndi timadontho toyera toyalana bwino pamalo pakuda. Chikopa cha kambuku, nyama ya m'mapiri onga Mulanje, chili ndi mawanga akuda ozungulira ngati mphete, pakati pake pali pofiirira. Fisi ali ndi zigamba zosalongosoka. Pa msika, amake asiyanitsa chitenje cha madontho ndi cha mizeremizere asanafunse mtengo.

Nkhaniyi si ya kukoma kwa mawu kokha. Tsamba la chinangwa likachita mawanga achikasu ndi kukwinyika, amenewo ndi matenda, ofalitsidwa ndi tizilombo toyera touluka ndiponso ndi mbewu yodulidwa ku mtengo wodwala. Mwana wophunzitsidwa kuti mawanga onse ndi amodzi adzabzala mbewu yotere, nadzakolola njala.

Chifukwa chake, inu amene mukonzekera uphunzitsi, musayambe ndi choko. Ana abwere ndi nthenga, nyemba, tsamba ndi kansalu. Aziyale, azifanizire, nanene okha mawu amene amva kwa agogo awo, ngakhale a Chilomwe, pakuti ku Phalombe Alomwe ndi ambiri. Mawuwo muwalembe pa bolodi. Mwana wosiyanitsa ndi pakamwa adzasiyanitsanso ndi maso.