Moto wa Nambe m'Buku la Smouldering Charcoal

Anthu akamakamba za nthano yaitali ya Smouldering Charcoal, yomwe Paul Tiyambe Zeleza adalemba m'Chingerezi ndi kusindikizidwa m'chaka cha 1992, amathamangira kutchula amuna awiri: Mchere, wantchito wophika buledi, ndi Chola, mtolankhani. Awiriwa ndiwo atsekeredwa m'ndende ndi boma lankhanza la m'bukumo, boma lomwe Mmalawi aliyense amaliona kuti ndi chithunzi cha ulamuliro wa chipani chimodzi umene udatha m'chaka cha 1994. Komabe mtengambali amene asintha koposa onse ndi Nambe, mkazi wa Mchere.

Nambe aonekera koyamba ali m'kanyumba ka lendi m'dera la anthu osauka lotchedwa Njala. Ndi wodwala pakati, ana akufuna chakudya, mwininyumba akufuna zake, pamene ndalama za mwamuna zikuthera ku mowa ndi kwa mkazi wina. Akati adandaule, yankho lake ndi chipongwe ndi dzanja. Mlembi sabisa kuti Mchere nayenso ngoponderezedwa. Ukali umene sangauonetse pamaso pa abwana ake amadzautula pa mkazi wake. M'chigawo chimenechi Nambe alibe dzina lakelake m'maso mwa anthu. Iye ndi mkazi wa Mchere ndiponso make Ntolo, basi.

Zinthu zitembenuka pamene Mchere amangidwa chifukwa cha sitalaka ya kuntchito kwake. Wowerenga angayembekeze kuti banjalo ligwa chagada, koma apa mpamene Nambe aimirira. Ayamba kutcheza kachasu kuti adyetse ana. Ntchitoyi siyapamwamba, ndipo lamulo limailetsa, koma ndalama yotuluka m'menemo ndi yoyamba imene iye aigwira osaipempha kwa munthu. Tsono kuletsedwa kwa kachasuko ndiko kupereka mpata kwa Gwape, mkulu wa chipani m'deralo, amene afuna thupi la Nambe monga mtengo wa chitetezo chake.

Msampha wa mtundu umenewu siwachilendo kwa wophunzira wa ku Mangochi. M'madooko a kumwera kwa nyanja ya Malawi, amayi ogula usipa ndi utaka, ena mwa iwo amuna awo ali ku Joni, akhala akuuzidwa ndi asodzi ena kuti ndalama yokha siikwana pogula nsomba zikasowa. Gwape ndi msodzi wotereyu amagwiritsa chida chimodzi: onse agwira pakhomo pamene padzera chakudya cha ana, ndipo amadziwa kuti mayi wopanda pothawira sachedwa kugonja. Luso la Zeleza lili pa kuonetsa kuti nkhanza za m'nyumba ndi nkhanza za chipani nzapachibale. Dzanja la Mchere lidakonzeratu njira imene Gwape afuna kudzeramo.

Nambe ayankha potentha nyumba ya Gwape. Ena anganene kuti uku nkubwezera choipa ndi choipa, ndipo pa malamulo akunena zoona. Koma m'dziko la m'bukumo Nambe akadakasuma kwa yani, popeza wolakwayo ndiye maso ndi makutu a boma m'deralo? Motowo ndi mawu oyamba amene iye alankhula mosapempha chilolezo. Mutu wa bukuli umanena za makala ooneka ngati azima pamene pansi pa phulusa akunyeka, ndipo palibe mtengambali amene fanizoli limuyenera kuposa mayi ameneyu. Mlembi sachita chibwana ndi mtengo wa kulimba mtimako: Nambe ataya malo ake ndi kuthawira kunja kwa dziko.

Pamene bukuli lifooka mpa mlandu wa m'banja. Gwape alandira chilango chake, boma lidzudzulidwa tsamba ndi tsamba, koma Mchere atuluka m'ndende ali ngwazi ya anthu ovutika, ndipo mabala amene adapereka kwa mkazi wake akwiririka ndi mabala amene iye adalandira kwa asilikali a ndende. Mwina mlembi adangotsata m'mene zinthu zidaliri pa nthawiyo, pakuti lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lidadzakhazikitsidwa m'Malawi m'chaka cha 2006, patapita zaka 14 bukuli litatuluka. Ngakhale zili choncho, mayi amene adalimba mtima kuyatsa nyumba ya mkulu wa chipani adayenera kupatsidwa tsamba limodzi lokha loti akhazike mwamuna wake pansi ndi kumufunsa za masiku a ku Njala.