Ming: Dzuwa ndi Mwezi M'dzina Limodzi

Ku China dzina la mwana silisankhidwa ndi khutu lokha, maso nawonso amaweruza. Tengani Yao Ming, chimphona chija cha basketball chobadwira ku Shanghai mu 1980. Yao ndi dzina la banja, ndipo kumeneko ndilo limatsogola. Ming ndiye lakelake.

Polemba, Ming ndi chilembo chimodzi cha mizere 8: 明. Kumanzere kuli dzuwa, kabokosi kodulidwa pakati. Kumanja kuli mwezi, wotalikirapo, miyendo iwiri ili lende. Ziwirizi zikakumana zimatanthauza kuwala, komanso nzeru zoona zinthu bwinobwino. Ufumu wa Ming, umene unalamulira kuyambira 1368 mpaka 1644, unkalembedwa ndi chilembo chomwechi. M'zolemba zina zamakedzana, pamalo pa dzuwa ankajambulapo zenera, mwezi ukusuzumira m'nyumba usiku. Ineyo chimenechi ndicho chimandikomera.

Luso la makolo lagona posankha, poti zilembo zotchulidwa ming n'zambiri. China chimanena kulira kwa mbalame, china chimangotanthauza "dzina". N'chifukwa chake munthu akadzitchula, mnzake amafunsa kuti ming wake uti, mwini dzina n'kuyamba kulemba ndi chala pachikhatho.