Chibadwa ndi Mwambo m'Mawu Onena za Mwamuna ndi Mkazi

Wophunzira malamulo a Chinyanja sachedwa kuona kuti chinenerochi sichigawa anthu monga chichitira Chingerezi. Mawu akuti "iye" aimira mwamuna ndi mkazi yemwe. "Munthu" ndi "mwana" ali m'gulu limodzi la maina, osasamala za thupi. Pamene kusiyanitsa kufunika, masinde a -muna ndi -kazi agwira ntchitoyo, ndipo pa ziweto pali maina akeake: tonde, nkhunzi, tambala, thadzi. Mawu akuti "mlongo" ndiwo aonetsa luso loposa, pakuti mwamuna aitana nawo mkazi, mkazinso aitana nawo mwamuna wobadwa naye mimba imodzi.

Kusiyana kwenikweni kwa matupi makolo anakupenya bwino, nakutchula mwaulemu. Mnyamata akatha msinkhu amera ndevu, mawu ake nakula. Mtsikana amera mawere, chiuno chake chitambasuka, nayamba kupita kumwezi. Ophunzira za thupi avomereza zonsezi, naonjeza kuti amuna ambiri aposa akazi msinkhu ndi masentimita ngati 12, pamene akazi m'maiko pafupifupi onse akhala ndi moyo zaka zambiri koposa amuna. Kufikira pano chinenero ndi sayansi ziyenda njira imodzi.

Zipatukana pofika pa zonena zina zimene zitenga mwambo ndi kuuveka dzina la chibadwa. Anthu amati "mwamuna salira," chonsecho misozi ituluka m'maso a onse mofanana. Chimene chiletsa mnyamata kulira ndicho manyazi amene anamphunzitsa. Amatinso mwamuna ndi kabudula wothera moyenda, mkazi ndi chitenje chothera pakhomo. Mwambiwu udziulula wokha: kabudula ndi chovala chobwera posachedwa, kotero sungakhale nzeru ya makolo akalekale, koma chodzikhululukira cha mwamuna wosakhazikika. Mneni "kukwatira" apatsidwa kwa mwamuna, ndi "kukwatiwa" kwa mkazi, ngati kuti mkazi ndiye wotengedwa. Koma pa chikamwini cha Achewa, mwamuna ndiye asiya kwao nakamanga nyumba kwa apongozi ake.

Kusokoneza kumeneku sikuthera pa mawu okha. M'mabanja mmene mufunidwa mwana wamwamuna, mkazi wobala asungwana okhaokha anyozedwa, nthawi zina ukwati nutha. Koma m'chaka cha 1905 Nettie Stevens wa ku America, popenda kachilombo kodya ufa, anaonetsa kuti mbewu ya mphongo ndiyo isankha ngati chobadwacho chikhale chachimuna kapena chachikazi. Mu 1956 Joe Hin Tjio ndi Albert Levan, ku Lund m'dziko la Sweden, anawerenga tizingwe ta chibadwa totchedwa makromozomu m'selo ya munthu, napeza kuti tilipo 46. Mwa timeneti mkazi ali ndi X awiri, mwamuna X ndi Y. Dzira la mayi lipereka X nthawi zonse. Mbewu ya bambo ndiyo ibweretsa X kapena Y. Tsono mlandu wa asungwana aja sukhala pa mayi, ndipo ngakhale bambo sangasankhe.

Chimodzimodzinso pa kusabala. Mawu akuti "chumba" afulumira kutuluka m'kamwa, koma madokotala apeza kuti pafupifupi pa theka la mabanja osaona mwana, vuto likhudzanso mwamuna. Makolo sanali osadziwa zimenezi: anali nawo mawu akuti "gojo," ndipo mwambo wolowetsa fisi m'nyumba, ngakhale lero ukanidwa chifukwa cha matenda ndi ufulu wa mkazi, uchitira umboni kuti ankazindikira kulephera kwa mwamuna. Chinenero chili nawo mawu a mbali zonse ziwiri. Olankhula ndiwo afuula ena, nanong'ona ena.

Mphunzitsi wa Chinyanja safunika kutaya miyambi, pakuti momwemo muli mchere wa chinenero. Ntchito yake ndiyo kuiika pa lichero. Mwana akalemba m'chimangirizo kuti akazi analengedwa ofooka, mphunzitsi amfunse amene anasenza mtolo wa nkhuni umene unaphika nsima yake ya dzulo. Kenaka amthandize kulekanitsa chimene munthu abadwa nacho ndi chimene mudzi umuveka atabadwa kale.